Maso a Digiri Atayamba Kuwotcha

Kuseri kwa shopu ya telala kuli kachipinda ka windo limodzi, bedi, mpando wapulasitiki ndi soketi yolendewera. M'menemo munkakhala mnyamata amene anthu a pamalopo ankangomutcha Digiri. Ankaphunzira ku yunivesite, koma yunivesiteyo anali asanaipondeko. Kalasi pafoni, laibulale pafoni, anzake pafoni. Anzakewonso ankangowadziwa mayina a pagulupu, poti m'kalasi aliyense ankathimitsa kamera kuopa kumaliza bandulo.

Foni yake inali ndi vuto limodzi: dzuwa likangolowa pawindo, sikirini osaoneka. Ndiye mfana anapeza nzeru. Anakhomera bulangete pawindo, kuwala kwa foni n'kukweza mpaka kumapeto. Masanasana m'chipinda muli bii, iye ali chagada pabedi, foni pamphuno, akuwerenga manotsi a tizilembo tangati nyerere. Kalasi ikatha ankati "ndipumeko kaye", koma kupumako kunali kutsegula mavidiyo pafoni yomweyo.

Maso anayamba ndi kuyabwa. Kenako kumveka ngati mwalowa mchenga. Kenako mutu, kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo.

Tsiku lina atatuluka kukatunga madzi, mayi wina amene ankasoka zovala pakhonde la shopuyo anaimitsa mashini.

"A Digiri, maso ofiirawo bwanji? Mwayamba kusuta kapena kamtsikana kakukanani?"

"Sitiresi chabe, anti."

"Tabwerani mukhaleko pakhonde pano, muziona anthu akudutsa. Mpando sitilipiritsa."

"Ndili bize, anti. Asayimenti."

Kunena zoona, sikuti ntchito inali yochuluka choncho ayi. Kungoti foni ikathima, m'chipindamo munkangoti zii, ngati mwininyumba anasamuka kalekale. Pakhondeponso ankachitapo mantha: akakamba chiyani ndi anthu? Bola pagulupu, pamene ngakhale asakuyankhe umaonabe kuti ena ali onilaini ngati iwe.

Mchemwali wake wamkulu anamuimbira vidiyo kolo.

"Iwe, nkhope yako ili kuti? Magetsi athima?"

"Ndatseka windo dala, sisi, ndiziona bwino sikirini."

"Nanga maso akulira okhawo? Pita kuchipatala iwe."

"Ndagula kale mankhwala, musadandaule."

Anali atagula timadontho ku famase, ndi magalasi akuda kwa venda wina amene analumbira kuti amatchinga kuwala konse. Akadontheza, maso ankazizira pang'ono, iye n'kubwerera pomwe paja. Botolo litatha anagula lina. Ankadziona ngati wochenjera: vuto lathetsedwa, foni osaisiya.

Mayeso omaliza anafika m'mawa wina, nawonso a pafoni. Malamulo ake anali okhwima: kamera yoyatsa, nkhope izioneka bwino, magalasi akuda ayi. Digiri anazula bulangete lija, kuwala n'kumulasa m'maso ngati singano. Funso loyamba analiwerenga movutikira. Pa lachiwiri mizere inayamba kukwerana, chilembo chilichonse chabereka mapasa. Misozi chuchuchu. Atatikita m'maso, mawu a woyang'anira mayeso anatuluka m'foni.

"Wophunzira, manja achoke kumaso, chonde."

Atatsinzina kuti apume, mawu aja anabweranso.

"Yang'anani kusikirini."

Chowawa n'choti mayankho anali nawo m'mutu, zonse anawerenga, palibe tsamba limene analidumpha. Koma ungayankhe bwanji funso limene sukuliona? Nthawi itatha tsamba linadzitseka lokha, iye asanafike n'pakati pomwe.

Analemba pagulupu akupapasa zilembo: "Magaye, maso andipweteketsa, sindinamalize." Anaona kuti ambiri awerenga. Mmodzi anatumiza kankhope kolira. Wina anafunsa ngati alipo amene wakhoza funso lachinayi. Basi, nkhani yake inathera pomwepo.

M'mawa mwake anapita yekha kuchipatala cha maso. Dokotala anamuunika, namufunsa mmene amawerengera, n'kupukusa mutu.

"Maso akowa alibe nthenda. Atopa, ndipo auma. Kodi umaphethira iwe?"

"Ndiye mundilembera mankhwala anji, adokotala?"

"Timadontho sitingakuthandize ukamachita zomwezo. Uziika foni pansi pafupipafupi, udzuke, uyang'ane kutali. Ndipo usamawerengere mumdima."

"Basi?"

"Basi."

Anatuluka chimanjamanja nakhala pabenchi panja, akuganiza mmene akawauzire asisi ake kuti kosi ija aibwereza semesita yamawa. Foni inkanjenjemera m'thumba, iye osaitulutsa. Anangoti maso kutsidya kwa msewu, kumene bambo wina ankapopa njinga, ndipo pang'onopang'ono kuwotcha kuja kunayamba kuchepa kokha, popanda dontho.

Aise, utsi sulimbana nawo uli khale pamoto pomwepo. Akuluakulu anaziona kale foni zisanabwere: mankhwala a utsi n'kuthawa.