Wailesi ya Ana Pakhomo pa Khansala

Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha mliri wa korona, boma linatumiza wailesi imodzi ya sola kusukulu ya Chankhandwe kuti ana azimverapo maphunziro. Tsiku lomwelo khansala wa deralo, a Gwazantini, anatulukira kwa mphunzitsi wamkulu, mayi Nasimango.

"Katundu wa boma amasunga ndi munthu wa boma," anatero khansala. "Bweretsani kuno."

Aliyense ankadziwa kuti mkuluyo akungofuna pomvera nyimbo.

"Mwatithandiza, bwana," anayankha mayiwo, akupereka wailesiyo ndi manja awiri.

Kutacha, mayi Nasimango anafika pakhomo pa khansala ndi ana makumi asanu ndi atatu.

"Kumene kuli wailesi ndi kumene kuli kalasi, bwana. Ana inu, khalani motalikirana monga likunenera boma!"

Ana anadzaza bwalo, khonde, mpaka m'dimba la tomato. Posamba m'manja anamaliza sopo yense wa m'nyumbamo.

Phunziro lili mkati, wailesi inati: "Tsopano funsani wamkulu amene muli naye pafupi: seveni kuchulukitsa ndi eyiti, yankho n'chiyani?"

Maso onse anali pa khansala. Mkuluyo anayang'ana kumwamba, anakanda mutu, kenaka anayamba kutsokomola pofuna kuzemba funsolo.

"Kalanga ine, chifuwa!" anafuula mayi Nasimango. "Bwana, mudzibindikiritse masabata awiri, ndi lamulo la boma limenelo. Ana inu, thawani! Wina anyamule wailesiyo, ingatenge matenda!"