Mwendo wa Che Amidu

Pakhomo pa Wilisoni, m'dera la Mwambo kufupi ndi dooko la Kachulu, fungo la matemba silinkatha. Iye sanali msodzi. Ankagula nsomba zouma kwa asodzi, n'kuzimangirira mumtanga kumbuyo kwa njinga, ulendo wa ku Songani kapena kumsika wa ku Zomba. Anali munthu wathukuta, wosadziwa ulesi, koma manja ake anali lichero lobooka. Cholowa m'mawa sichinkaona dzuwa likulowa. Mkazi wake, Rozi, ankalima mpunga kudambo ndi kusoka mphasa.

M'mapemphero a banjali simunkasowa dzina la munthu mmodzi, Che Amidu, msodzi wachisilamu wa pachilumba cha Chisi. Pa njala ya mu 1949, Wilisoni anawolokera ku Chisi kukasinthitsa bulangete lake lomaliza ndi chakudya, koma atangotsika m'bwato anakomoka. Che Amidu, amene sankamudziwa n'komwe, anamutola, namumwetsa phala. Atamva kuti kumtunda kwatsala mkazi ndi khanda lawo Edina, anapalasa okha bwato kukawatenga. Che Amidu ndi mkazi wawo Asha anawasunga miyezi itatu, kugawana nawo mpunga wochepa umene unali m'nkhokwe, mpaka chimanga chinacha. Bulangete lija anakana kulandira.

Wilisoni sanaiwale. Nkhaniyi ankaifotokoza kwa aliyense, kutchalitchi ndi kumsika komwe, ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi mawu akuti tsiku lina adzawachitira Che Amidu chinthu chachikulu, choti Chisi yense adzachikambe. Tsikulo linkangosunthira kutsogolo ngati mthunzi.

Chaka cha 1953 nsomba zinachuluka m'nyanja. Wilisoni ankapita ku Zomba katatu pa sabata, ndipo thumba lake linayamba kulemera. Rozi anali ndi chizolowezi chake. Akagulitsa mphasa kapena mpunga, asanagule mchere kapena sopo, ankayamba wapatula kaye: kena ka m'mbale ya kutchalitchi, kena ka m'chitini chimene ankachikwirira pansi pa nkhokwe. Zotsalazo ndiye ankadyera. Anapempha mwamuna wake kuti azichita chimodzimodzi, ngakhale sheleni imodzi pa ulendo. Wilisoni anaseka, nati ndalama ili ngati nsomba yaiwisi, ukaisunga imanunkha. Nyanja ilipo, njinga ilipo, ndipo Mulungu amene anawadyetsa pa njala adzawadyetsanso mawa.

"N'zoona, bambo a Edina," anayankha Rozi osakweza mawu. "Koma Mulunguyo anatidyetsa kudzera mwa munthu amene anali atasunga mpunga m'nkhokwe. Akanakhala kuti Che Amidu anadyeratu zonse, bwenzi ife tili kuti?"

Wilisoni anati akazi amakonda kulira maliro a munthu wamoyo, n'kutuluka. Sabata yomweyo anabwera ndi galamafoni yochokera m'sitolo ya Mmwenye ku Zomba. Kenaka kunabwera jekete, nsapato zosongoka, ndi mbale za nyimbo zatsopano mwezi ndi mwezi. Lamulungu akaweruka kutchalitchi, pakhomo pankadzaza anthu odzamvera, iye akupukusa chogwirira, tiyi wamkaka akuzungulira. Ankamutchula kuti bwana, ndipo dzinalo linkamukomera ngati uchi.

Chaka chotsatira mvula inagwa yonyenga. Nyanja inayamba kubwerera m'mbuyo, kusiya matope onunkha pamene kale pankayandama mabwato. Matemba anachepa, mtengo unakwera, ndipo maulendo a ku Zomba anatsika kufika kamodzi pa sabata, mtanga wosadzaza. Wilisoni sanasinthe kadyedwe. Ankati madzi abwerera ndi mvula yoyamba.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, Asha anafika pakhomopo akuthamanga, matope mpaka m'mawondo, mpango uli m'manja. Mawu ankatuluka modukaduka. Mvuu zinali zitaunjikana mumngalande umodzi umene unatsala ndi madzi akuya, ndipo ina inagudubuza bwato la Che Amidu n'kuwaluma ntchafu. Asodzi anzawo anawamanga ndi nsalu n'kuwanyamula mpaka ku Kachulu, koma magazi sankaleka.

"Alamu, kuno kumtunda tilibe wina," anatero Asha. "Ndinu nokha."

Wilisoni anathamangira kudooko. Che Amidu anali atagonekedwa pamthunzi wa chisakasa, nkhope itatuwa ngati phulusa. Padookopo panali lole imodzi yokha, ya wamalonda wina amene ankadikira kuti nsomba zikwane. Mwini wakeyo anati akhoza kupita kuchipatala ku Zomba, koma akachoka wopanda katundu ndiye kuti ulendo wake wapita pachabe, choncho ampatsiretu mapaundi awiri. Wilisoni anapisa m'matumba a jekete lija, napezamo timakobili tosakwana n'kugula botolo la palafini.

Anabwerera kunyumba ali wefuwefu, nasenza galamafoni pamutu. Mwini lole anangoiyang'ana, nati galimoto yake simwa nyimbo, imamwa petulo. Wilisoni anaizungulitsa kwa wakantini, kwa mphunzitsi, kwa amalonda anzake, ena mwa iwo omwe aja ankamwa tiyi wake Lamulungu. Aliyense anali ndi yankho limodzi: nyanja yauma, ndani angagule zoimbaimba chaka chino? Wina anatchula mtengo woti ngakhale nkhuku ikanakana. Anaganiza zogulitsa njinga, koma wofuna njingayo anati ndalama apeza Loweruka.

Anabwerera pachisakasa paja, natula katundu wakeyo pansi, n'kugwada pambali pa wodwalayo. Iye amene kwa zaka zisanu ankalonjeza chinthu chachikulu anali atabwera chimanjamanja. Che Amidu anatsegula maso pang'ono, namugwira dzanja.

"Musavutike, achimwene. Mwayesetsa. Zonse n'za Mulungu."

Akanamutukwana bwenzi zili bwino. Mawu ofatsawo anamulasa kuposa mkondo, ndipo bambo wamkulu uja analira pamaso pa asodzi onse.

Pamenepo n'kuti Rozi akutulukira, mwana Edina akumutsata, manja ali dothi lokhalokha. Iye sanathamangire kudooko pamodzi ndi mwamuna wake. Anayamba wagwira khasu n'kupita kunkhokwe. Anadutsa pakati pa anthu, nakhuthulira chitini chija pansalu patsogolo pa mwini lole. Zinali ndalama zing'onozing'ono, zakuda ndi chinyezi, phindu la mphasa ndi mpunga la zaka zinayi. Munthu uja anatengapo zake, zina n'kutsala, ndipo injini inalira.

Msewu wa ku Zomba unali wa mabampu, ndipo Wilisoni anakhala kumbuyo atapakata mutu wa Che Amidu njira yonse, akupemphera chamumtima pemphero losalongosoka la munthu wamanyazi. Asha anali mbali inayo, nayenso milomo ikugwedera m'mapemphero a kwawo. Anafika dzuwa lisanapendeke kwambiri. Adokotala atatsuka bala n'kulisoka, anauza Asha kuti akanachedwa mpaka m'mawa mwake mwendowo ukanadulidwa, mwinanso akanataya munthu yemwe. Asha anakhala pansi pakhonde pomwepo, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Wilisoni anamva ngati wina wamutula mtolo wa miyala umene anausenza kuchokera ku Kachulu.

Che Amidu anagona m'chipatala masabata asanu ndi limodzi. Ndalama zotsala zija ndi zimene zinadyetsa Asha pamene ankadikirira wodwala. Wilisoni ankapalasa njinga tsiku ndi tsiku kukatula ufa, nkhuni ndi ndiwo zimene Rozi wakonza. Jekete ndi nsapato zija anazigulitsa motchipa ku Songani, ndipo kuyambira mwezi umenewo, akagulitsa nsomba, ankayamba wapatula asanalowe m'sitolo iliyonse. Palibe anamuuza. Rozi naye sanatchulepo kuti ndinanena ine.

Mvula yoyamba itagwa, Che Amidu anatuluka, akutsimphina ndi ndodo, koma pa miyendo yawo iwiri. Anagona kwa Wilisoni masiku atatu kuti apezeko mphamvu. Tsiku lowoloka, anthu ambiri anawaperekeza kudooko, Akhristu ndi Asilamu omwe. Asanakwere bwato, Che Amidu anaimirira n'kuuza anthuwo kuti mwendo umene akuuonawo ndi wa Wilisoni, mbale wawo wa kumtunda, amene sanaiwale kaphala ka pa njala.

Wilisoni akanatha kungowerama n'kulandira ulemuwo. Koma anavula chipewa, napukusa mutu.

"Ayi, achimwene, musandiveke nsalu ya eni. Ine ndinkakukumbukirani ndi pakamwa. Amene anakukumbukirani ndi manja ndi mayi a Edina awa. Tsiku lija mukanadalira ine, lero bwenzi tikuperekeza Asha yekha."

Rozi anayang'ana pansi, akukonza nsalu yake. Asha anabwera n'kumukumbatira, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali, mpaka wopalasa anachita kuwakumbutsa kuti mphepo ikhoza kusintha. Che Amidu anakana kunyamulidwa. Anaponda okha m'madzi, nakweza mwendo wolumidwa uja pang'onopang'ono, n'kukhala m'bwato. Anthu anaomba m'manja.

Lamulungu lotsatira, Wilisoni anaimirira mumpingo kuthokoza Mulungu pa zinthu ziwiri: kuti anasunga moyo wa munthu amene anasunga banja lake, ndiponso kuti anamupatsa mkazi amene anaona patali pamene iye ankaona pamphuno. Anati waphunzira kuti mtima wothokoza wopanda kanthu m'manja umangotha kulira nawo, ndipo tsiku lobwezera zabwino sulisankha ndiwe. Limadza lokha, masana dzuwa likuswa mtengo, matope ali m'mawondo. Akulu akale sananame pamene anati chakudza sichiimba ng'oma.