Chikwangwani cha pa Siteshoni ya Mbuzi

Pamudzi wina wa m'mbali mwa njanji panali munthu wojambula ndi penti. Ntchito yake inali kulemba mayina pa magolosale ndi pa zigayo. Koma munthuyu anali ndi nthenda imodzi: sitima. Mukamutuma kuti alembe "Tiyi ndi Mandasi", m'munsi mwake munkapezamo kasitima kakufuka utsi. Ngakhale pakhoma la butchala anajambulapo sitima, ng'ombe zitasuzumira m'mawindo.

Chaka china madzi osefukira anakokolola mlatho, sitima n'kusiya kubwera. Udzu unamera pa njanji. Amayi anayamba kuyanikapo chinangwa, mbuzi zinalanda chipinda chodikirira, ndipo tomato amene ankagulitsidwa pa mawindo a sitima ankangowolera kudimba.

Anthu anaiwala, koma iye ayi. Mvula ikatha, ankalambula udzu pasiteshonipo, n'kupentanso chikwangwani cha dzina la mudziwo kuti chiyere mbee. Zaka zonse zimene anakhala akuyang'anitsitsa sitima zinamuphunzitsa chinthu chimodzi: woyendetsa sitima saima poti waona nyumba, amaima poti waona chikwangwani.

Anthu ankamuseka. "Bambo, sitima yanu ija yafika pati? Kapena ikadali pakhoma la butchala?"

Chaka chachisanu ndi chinayi, penti inatsala chitini chimodzi chokha, ndipo chinkhoswe cha mwana wake wamkazi, Tiyanjane, chinayandikira. Mkazi wake anati, "Abambo ake Tiyanjane, alendo akubwera, chitseko chathu chili mbuu. Nyumba ya wopenta! Ndiye mukapentere mbuzi kutchire?"

Mawuwa anamubaya, chifukwa anali oona. Anakhala pakhonde nthawi yaitali, chitini chili pamiyendo. Kenako ananyamuka kulowera ku njanji. Alendo anabweradi, anachiona chitseko chotuwacho, ndipo munthuyu anachita manyazi zedi.

Patapita miyezi, mlatho unamangidwanso. Akuluakulu a njanji anayenda pa kangolo kawo kusankha malo oti sitima iziima. M'midzi ina anapeza zikwangwani zitazulidwa kalekale, zitasanduka zitseko za makola, ndipo anangodutsa. Kenako anaona chinthu choyera chikuwala pakati pa tchire, zilembo zake zili bwinobwino. Mkulu wawo anati, "Imani. Pano pali anthu amene akudikira."

Abale anga, tsiku limene sitima inabwerera, inadutsa midzi itatu osaima. Itafika pachikwangwani chija inaliza huta, n'kuima nji! Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Malichero a tomato anatuluka m'nyumba zonse. Omuseka aja ndi amene anamunyamula pamapewa, iye misozi ili mbwembwembwe. Ndipo amene anakuwa kuposa onse anali mayi wa chitseko chotuwa uja: "Ndi amuna anga amenewo!"

Mwalimva fanizoli. Njanji yomera udzu ndi masiku athu ano, pamene ambiri akuti Ambuye anatiiwala ndipo sadzabweranso. Chikwangwani ndi mtima wako. Penti ndi pemphero lako ndi kukhulupirika kwako, kumene anthu amakuseka nako, nthawi zina a m'nyumba mwako momwe. Usaleke kupenta, m'bale wanga. Usaleke, mlongo wanga. Ambuye akubwera ndithu, ndipo sadzadutsa pamene akumudikira. Adzaona dzina lako likuwala pakati pa tchire, adzaima, ndipo onse okuzungulira adzadalitsidwa chifukwa iwe sunatope.