Mphaka Amene Anasesedwa

Padangokhala, inu khalani phee mumve, mtsikana wina dzina lake Ndaziona. Pamudzi pa Kanyimbi ankamukumbukira pokhapokha bwalo likada, chifukwa ntchito yake inali kusesa. Mayi ake pomwalira anamusiyira mphaka wotuwa wong'ambika khutu, dzina lake Phulusa, ndi lamulo limodzi.

"Mwanawe, tsache ndi la zinyalala," anatero ali gone pamphasa. "Chamoyo ukachimenya nalo wachisesa, ndipo chimaiwala njira ya kwawo."

Phulusa ndiye anali mphaka womaliza pamudzipo. Anzake anasowa mmodzimmodzi, makoswe n'kumavina m'nkhokwe dzuwa likuswa mtengo. Palibe ankafunsa kumene anapita, poti mayi aliyense ankadziwa zimene tsache lake linachita.

Tsiku lina amayi ake aang'ono, a Nankhoma, amene ankamulera, anawamba mlamba wa alendo. Phulusa anautsomphola wonse. A Nankhoma anakalipa mpaka nkhuku zinathawa pakhonde.

"Iwe ndi kamphaka kakoka mudzandipha! Apongozi anga ndiwapatsa chiyani, fungo?"

Ana onse anaseka. Manyazi anamugwira Ndaziona, dzanja n'kufulumira kuposa mutu. Phwa! Tsache pamsana pa Phulusa.

Mphaka uja sanalire. Anamuyang'ana kamodzi, n'kulunjika kutchire osacheuka, ngati mlendo amene walakwitsa khomo. Ndaziona anamuthamangira. Anaitana mpaka mawu anasasa, koma kutchire kunali zii.

M'mawa mwake ananyamuka, tsache lomwe lija lili m'manja.

"Ukasesa nkhalango?" anafunsa a Nankhoma.

"Ndikukatenga Phulusa, amayi."

"Ha! Anthu amasaka mbuzi, iwe ukusaka wakuba nsomba."

Anawoloka madambo awiri ndi mtsinje umodzi. Kutsidya anapeza gulo wa mutu wobiriwira atamatika pa ulimbo wa anyamata osaka mbalame. Anamumatula pang'onopang'ono, chala chimodzi nthawi imodzi, n'kumutsuka ndi madzi. Gulo anagwedeza mutu katatu n'kuyankhula. Ndaziona anagwa chagada ndi mantha.

"Dzuka, mwana iwe, sindiluma," anatero gulo. "Mphaka wako anadutsa pano dzulo. Onse osesedwa amathera kwa Dzimwe, chilombo cha mitu itatu cha kuseri kwa phiri ilo. Amawasandutsa maungu, n'kumadikira kuti akhwime. Mawa akukolola."

"Mayo ine! Nanga ndimenyana naye bwanji? Ndili ndi tsache lokha."

"Nkhondo usayese. Dzimwe akamva ndagi sapuma mpaka adziwe yankho, ndipo chimene wapereka ndi pakamwa chimachokadi. Koma mvetsa ichi: chosesedwa sichibwera pochinyamula. Chinatuluka ndi tsache, chidzalowanso ndi tsache."

Dzuwa lili paliwombo Ndaziona anafika kuseri kwa phiri. Munda wonse unali mbwee maungu otuwa, akuda, amawangamawanga, ndipo onse ankapuma. M'mphepete munali kadzungu kotuwa kong'ambika pambali. Ndaziona anagwira pakamwa kuti asakuwe.

Nthaka inagwedezeka. Dzimwe anatuluka kuphanga, mapewa ake otambalala ngati denga la nkhokwe, mitu itatu ikukangana. Pakhomo pake panali mulu wa mafupa ndi makoko a zaka zosawerengeka. Ndaziona, poti anali wosesa, mantha onsewo anapezabe mpata wonyansidwa.

"Ndiwo zabwera zokha!" unatero mutu wa kumanzere.

"Zowonda," unadandaula wa kumanja.

Ndaziona anagwada. "Zikomo akuluakulu. Musanandidye, chilape!"

"Nachize!" mitu yonse inayankha isanaganize n'komwe. Kenako wapakati, umene unkadziona wanzeru, unati, "Ayi, ndiyamba ndine. Ukalephera ndikumeza. Nyumba yanga yopanda khomo."

Abale, ndagi imene ngakhale mwana woyamwa amaidziwa! Dzimwe anali asanamve yatsopano chibadwire, chifukwa aliyense wobwera nayo ankamudya asanatsegule pakamwa.

"Dzira," anatero Ndaziona. "Tsopano yanga. Mnzanga amayendera nyumba yonse m'mawa, koma amagona kuseri kwa chitseko."

Mitu inatchula galu, njoka, mpongozi. Yankho linali m'manja mwa mtsikanayo, pamaso pawo penipeni, koma chilombo chosasesa chibadwire chikanalidziwa bwanji?

"Talephera. Tiuze!"

"Mwambo mukuudziwa. Wolephera ndagi amapereka ng'ombe, kenako amamva yankho."

Kwathu ng'ombe imeneyo ndi ya pakamwa chabe, umangotchula ndipo masewera amapitirira. Koma pakamwa pa Dzimwe panalibe zocheza, ndipo ng'ombe zake anali atadya zonse.

"Tenga mutu wa kumanzerewu," unatero wapakati. "Umaliza mkonono."

Thi! Mutu uja unagwa n'kugubuduka mpaka kumtsinje, maso ali tong'o. Ndaziona anakuwa. Sanayembekeze kuti munthu angapereke m'bale wake msanga chotero.

"Ndi tsache," anatero Ndaziona. "Chilape! Mphero yanga imalira pamiyendo panga, koma ufa suoneka."

Mitu iwiri ija inatuluka thukuta. Amphaka mazanamazana anadutsa m'manja mwa Dzimwe, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhalapo pamiyendo pake mokondwa.

"Iwe, usandiyang'ane choncho!" unakuwa wa kumanja. "Tinayamwa bere limodzi!"

"Tenga uyunso," unatero wapakati.

Thi!

"Ndi mphaka akamasisitidwa," anatero Ndaziona, misozi ili mbwembwembwe, poti anakumbukira kulira kumeneko. "Yomaliza. Katundu wanga ndi wolemera kuposa mtondo, pamutu saoneka, ndipo amatulidwa ndi liwu limodzi."

Dzimwe anaganiza mpaka mthunzi wa phiri unafika pamapazi ake. Anazula mtengo, anakukuta mwala, koma yankho silinabwere.

"Tenga munda wonsewu!"

"Si wanu. Mwini ndagi amakana ng'ombe yakuba."

"Tenga phanga!"

"Lauve chonchi? Ndingafe ndikusesa."

"Ndikudya!"

"Idyani. Yankho mulimeza limodzi ndi ine, ndipo simudzalimva mpaka kalekale."

Chilombo chinabangula, mbalame za phiri lonse n'kubalalika. "Tenga ine ndemwe, koma undiuze!"

Thi! Thupi lija linagwa ngati mlambe, n'kusanduka chulu. Mutu womaliza unagubuduka mpaka pamapazi a Ndaziona, ukunong'onabe kuti, "Liwu lanji? Liwu lanji?"

Ndaziona sanauyang'ane. Anapita pa kadzungu kong'ambika kaja, anagwada, n'kuwomba m'manja.

"Katunduyo ndi kulakwa," anatero. "Phulusa, pepa."

Mutu uja unatseka maso n'kusanduka mwala. Pomwepo munda wonse unayamba kuphulika, phu! phu! phu! Amphaka anatuluka m'makoko akudzinyambita. Phulusa anatuluka womaliza. Ndaziona anatambasula manja, koma mphakayo ataona tsache anabwerera m'mbuyo, ubweya uli nyankhalala. Sanamudziwe. Zimenezi zinamupweteka kuposa zonse za tsikulo, ndipo analira mokweza ngati kamwana.

Kenako anakumbukira mawu a gulo. Anawerama n'kuyamba kusesa njira, fumbi akulikankhira cha kumudzi. Anasesa phazi limodzi, Phulusa n'kuponda pamene pasesedwapo. Anasesa lachiwiri, Phulusa n'kupondanso. Ena onse anandanda pambuyo pake.

Anasesa phiri, anasesa madambo awiri, pamtsinje anasesa miyala yowolokera. Msana unauma, manja anatuluka matuza, tsache linatha mpaka kutsala kachitsa.

Tsiku lachitatu amayi a ku Kanyimbi ali pamtondo anaona fumbi likubwera. Kutsogolo kunali mwana wowerama, kumbuyo mzere wa amphaka wosaoneka pothera. Minsi inagwa m'manja. Makoswe anatuluka m'nkhokwe ngati madzi. Nthungululu zinalira, amuna anabwera ndi mbuzi zomuthokozera, ndipo amayi ena anabisa nkhope pozindikira amphaka awo. A Nankhoma anayala mphasa yatsopano, ija ya alendo.

"Khala apa, mwana wa mkulu wanga," anatero mwamanyazi. "Kuyambira lero bwalo ndizisesa ndine."

Ndaziona sanakhale. Anasesa khonde, anasesa pakhomo cholowetsa m'nyumba, n'kuponya kachitsa kaja pamoto. Kenako anakhala pansi, manja otupa ali pamaondo, osaitana, osakodola.

Phulusa anaima pakhomo nthawi yaitali. Ananunkhiza chitseko. Analowa, anakwera pamiyendo pa Ndaziona, anazungulira kawiri n'kugona. Ndipo mphero ija inayamba kulira.

Yanga yathera pamenepo. Amene anasiya mbatata paphulusa akaione yekha, ine manja atopa.