Nachanza ndi Ng'anjo za Chikhwaza

Kalekale, mphwanga, agogo a agogo athu asanabadwe, kunali phiri lotchedwa Nkhwiri. M'munsi mwake munali chigwa, ndipo m'chigwamo munkakhala anthu olima mapira.

Paphiripo panali ng'anjo imodzi yosungunulira chitsulo. Ng'anjoyo inalibe mwini. Anthu akakolola ankakwera, kuotcha makala pang'ono, kusungunula miyala, kusula makasu okwanira makomo onse. Akatha ankazimitsa moto n'kutsika. Moto unkagona mpaka chaka china.

Ndiye panali munthu wina, dzina lake Chikhwaza. Anali wosula waluso, zimenezo panalibe wotsutsa. Tsiku lina anauza anzake kuti ng'anjo ikuwonongeka ndi mvula chifukwa chosowa woisamala, bwanji aziiyang'anira iye. Anthu anavomera. Iye anaimangira denga. Chaka chotsatira anaimangira mpanda. Chaka chinacho anaika mlonda pachipata.

Kenaka kunabwera amalonda ochokera kutali. Anabwera ndi nsalu, mikanda ndi mchere, ndipo ankafuna makasu ambirimbiri. Chikhwaza anamanga ng'anjo yachiwiri. Anamanga yachitatu. Anamanga, anamanga, mpaka zinakwana khumi. Moto sunagonenso.

Amuna a m'chigwa anayamba kukwera kukamugwirira ntchito. Ena ankadula mitengo, ena ankaotcha makala, ena ankavukuta mivukuto youzira mphepo pamoto. Dzuwa likapendeka ankatsika ndi mchere wodzaza dzanja limodzi. Khasu limene asula okha ankaligula kwa Chikhwaza ndi dengu la mapira.

Mmodzi wa ovukutawo anali Kaphwiti. Mkazi wake anali Nachanza. Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Siyeni.

Kaphwiti ndi anzake ankavukuta akuimba:

Vuku, vuku, moto wa eni,
Vuku, vuku, thukuta langa.

Mitengo inayamba kutha. Inatha ya tsanya. Inatha mibawa. Inatha misuku, ana n'kuiwala kukoma kwa masuku. Phiri linatsala zitsa zokhazokha, pamwamba pake utsi uli tolotolo.

Mvula nayo inasokonezeka. Nachanza anabzala, mvula n'kudula, mbewu n'kupsa. Anabzalanso, n'kupsanso. Kachitatu anabzala mbewu yomaliza imene inali mumtsuko. Tsiku lililonse ankapita kumunda, kuyang'ana pansi, kuyang'ana kumwamba, kubwerera, kupitanso.

Ali kumundako anaona Nang'omba, mbalame yaikulu yakuda ija, akuyenda ndi banja lake lonse kulowera kumadzulo. Nachanza anamufunsa kumene akupita.

Nang'omba anati, "Mtengo umene tinkaikiramo mazira walowa m'ng'anjo. Ife tikusamuka. Inunso samukani. Mvula ikubwerayi ilibe pogwira."

Nachanza anathamangira kunyumba kukauza mwamuna wake. Kaphwiti anamva, koma anafunsa kuti asamukira kuti, popeza malo onse okwera anali mumpanda wa Chikhwaza. Anakhala pomwepo.

Mvula ija inabweradi. Inagwa tsiku loyamba. Inagwa tsiku lachiwiri. Tsiku lachitatu masana, Kaphwiti ali kuntchito, phiri linabangula. Kunatsika madzi, kunatsika matope, kunatsika miyala yaikulu ngati nkhokwe.

Nachanza anagwira mwana padzanja n'kuyamba kuthawa. Madzi anawapeza. Iye anakumbatira chitsa ndi mkono umodzi, winawo atagwira Siyeni. Madzi anakoka, iye anakoka. Madzi anakoka, iye anakoka. Dzanja la mwana linali lamatope. Linaterereka.

Siyeni anamupeza patapita masiku awiri, m'bango, kutali kumunsi. Anamuika pamodzi ndi ena ambiri.

Otsala anamanga misasa paziulu. Koma Nachanza sanathenso kukhala pansi. Akakhala, ankadzuka. Akalowa mumsasa, ankatuluka. Akatenga mtsuko, ankaiwala kuti amapita kukatunga madzi. Maso ake anali kuphiri, kumene utsi unali kufukabe ngati palibe chachitika.

Tsiku lina anakwera. Chikhwaza anamulandira bwino. Anamuyalira mphasa, anamupepesa maliro.

Nachanza anati, "A Chikhwaza, zimitsani moto."

Chikhwaza anapukusa mutu. Anati, "Mayi, ndikazimitsa ine, kodi a ku phiri la Nsonje azimitsa? Nanga a ku Malambwe azimitsa?"

Anamufotokozera kuti mapiri awiriwo nawonso anali ndi eni ng'anjo. Iye akaleka, amalonda apita kumeneko, eni akewo alemera, asula mikondo, n'kubwera kudzalanda Nkhwiri. Anati utsi wakewo ndi umene ukuteteza anthu a m'chigwa. Komabe analonjeza kuti aitana eni ng'anjo onse kuti akambirane. Potsazikana anamuuza kuti ali ndi makasu atsopano, abwino kukumbira ngalande zopatutsira madzi, ndipo ofedwa awagulitsa motsitsa.

Msonkhano unachitikadi, pansi pa mkuyu waukulu umene unatsala wokha pakati pa mapiri atatuwo. Eni ng'anjo anabwera atavala nsalu zokwekwera pansi. Mbuzi zinaphedwa. Nachanza anamulola kuyankhula. Anaimirira n'kunena za mbewu zitatu zija, za chitsa, za dzanja lamatope. Ena anapukuta misozi. Onse anaomba m'manja.

Atatero anayamba kukangana. Wa ku Malambwe anati a ku Nkhwiri ndiwo anayamba, ayambenso iwo kuzimitsa. Wa ku Nsonje anati iye ali ndi ng'anjo zinayi zokha, amudikire afike kaye pa khumi. Chikhwaza anati iye ndi wokonzeka, bola anzakewo atsogole. Anakangana, anadya, anakangana, anadya. Pomaliza anagwirizana kuti aliyense adzazimitsa ng'anjo imodzi ana obadwa chaka chimenecho akadzamera imvi. Anagwirizananso kuti adzakumana chaka chamawa.

Nachanza anatsika, mapazi akumuyabwa. Anapeza mwamuna wake akudzola mafuta a nsatsi m'manja mwake mosupuka.

Anati, "Bambo a Siyeni, moto uja amauuzira mphepo ndani?"

"Ndife."

"Nanga a Chikhwaza mvukuto anaugwirapo liti?"

Kaphwiti anapitiriza kudzola mafuta aja. Kenaka anati, "Ndikausiya ine, mawa augwira wina. Tikausiya tonse, aitana a ku Nsonje. Ndiye ife tidya chiyani?"

Mawu aja onena za a ku Nsonje anamukhala Nachanza m'mutu. M'mawa anamanga kamtolo n'kuyamba ulendo wa kumeneko. Anansi anamuletsa. Anati anthu a ku Nsonje ndi adani, akamupha. Iye sanatembenuke.

Anayenda, anayenda, anayenda. Atafika anapeza zitsa. Anapeza misasa paziulu. Anapeza manda atsopano, dothi lake lisanamere udzu. Pamanda ena panakhala mayi wina, dzina lake Namalunga, amene madzi anamutengera mwamuna.

Namalunga atamva kuti mlendoyo ndi wa ku Nkhwiri anafuna kuthawa. Iwonso mwini ng'anjo wawo ankawauza kuti a ku Nkhwiri akusula mikondo yodzawalandira phiri, choncho moto usazime.

Nachanza anamuonetsa manja ake opanda kanthu. Anati, "Mikondo tilibe, amwali. Tili ndi manda, ngati anuwa."

Amayi awiriwo anakhala pansi, analira, kenaka anadzuka limodzi. Anapita ku Malambwe. Kumeneko anapeza zomwezo, ndiponso bodza lomwelo.

Kuyambira pamenepo anayamba kuzungulira. Nkhwiri, Nsonje, Malambwe. Malambwe, Nsonje, Nkhwiri. Ankalowa msasa ndi msasa, kupempha kuti ovukuta onse asiye mivukuto tsiku limodzi. Ena ankawathamangitsa. Ena ankati amenewa chisoni chawasokoneza mitu. Ena ankamvetsera, koma onse funso linali lomwe lija lakuti tidya chiyani. Mapazi awo anang'ambika ming'alu, koma sanaleke.

Yankho analipeza ndi Namalunga. Anati mudzi uliwonse umange nkhokwe imodzi ya onse. Khomo lililonse liziponyamo kadzanja ka mapira, wokumba mpama aziponyamo, wotchera nsomba aziyanika n'kuponyamo. Mudzi wina ukaperewera, unzake uzitumiza. Nkhokwezo zinadzaza pang'onopang'ono, mwina miyezi isanu ndi umodzi. Zitafika pakamwa, anapangana tsiku. Anati mwezi watsopano ukaoneka, m'mawa mwake.

Tsikulo linafika. Kaphwiti anadzuka, anasukusula, n'kuyamba kukwera monga mwa masiku onse. Sanauze mkazi wake chimene achite. Nachanza anamutsatira chakumbuyo mpaka pachipata.

Amuna anaima aliyense pamvukuto wake. Anayang'anana. Panalibe woyamba. Mlonda anakuwa kuti ntchito iyambe. Ena anawerama n'kugwira.

Kaphwiti anayang'ana kuchipata, anaona mkazi wake. Ananyamula mvukuto wake, anauika pansi, n'kukhala pamwala.

Mlonda anamuuza kuti adzuke. Sanadzuke. Anamumenya ndi chibonga paphewa, fupa n'kumveka kuti thyo. Kaphwiti anagwa chammbali. Amuna onse anaona. Amene anagwira kale mivukuto anaisiya. Mmodzi anakhala pansi, wina anakhala pansi, mpaka onse.

Chikhwaza anatulukira n'kulamula alonda kuti amenye onse. Mlonda wina anayang'ana chibonga chake. Anati, "Amayi anga akugona pachulu, bwana." Anachiponya pansi n'kukakhala ndi anzake aja.

Chikhwaza anavula nsalu yake n'kugwira mvukuto yekha. Anavukuta apa, anathamangira apo, anabwerera apa. Ng'anjo zinali khumi, iye anali mmodzi. Moto unayamba kufooka. Chitsulo chinauma m'mimba mwa ng'anjo, ng'anjozo n'kuyamba kung'aluka.

Ali wefuwefu anati, "Khalani choncho. Mawa ndiitana a ku Nsonje."

Nachanza anamulozera kum'mawa. Ku Nsonje kunalibe utsi. Anamulozera kumwera. Ku Malambwe kunalibe utsi.

Usaganize kuti zinathera pamenepo, mphwanga. Eni ng'anjo anati angodikira, njala iwabweza okha. Unatha mwezi. Unatha wachiwiri. Nkhokwe za onse zija zinayamba kuonekera pansi. Ana ankalira. Amuna ena anafuna kubwerera kuntchito, ndipo kangapo anthu anatsala pang'ono kumenyana okhaokha. Nachanza ndi Namalunga anayambanso kuzungulira, atasenza timadengu, kuchotsa kumene kwatsalako kupititsa kumene kwatha.

Amene anayamba kutopa anali amalonda. Anadikira makasu, makasu osabwera. Anamanga katundu wawo n'kumapita. Chikhwaza ndi anzake awiri aja anasenzetsa abulu nsalu ndi mikanda, n'kupita nawo limodzi.

Anthu anagwetsa mpanda. Anamanga nyumba pamalo okwera. Paphiri lililonse anakonza ng'anjo imodzi, zinazo anazisiya zigwe. Za makasu ofunika chaka chimenecho ankakambirana onse, osula, olima, amayi otola nkhuni. Pachitsa chilichonse anabzala mtengo.

Koma mvula sinawongoke msanga ayi. Chaka china inkabwera bwino, chaka china inkadula, chaka china inkakokolola timitengo tija, iwo n'kubzalanso. Mkono wa Kaphwiti sunachire, unangolendewera. Siyeni sanabwerere.

Patapita zaka zinayi, mitengo itafika m'chiuno, kunaomba mphepo yochokera kumpoto. Nachanza anali kumunda. Anaweramuka, ananunkhiza. Fungolo ankalidziwa. Kutali kwambiri, kumene thambo limagunda pansi, kunali kamzere kakuda.

Munthu wina wapaulendo anawauza zoona zake. Chikhwaza anafika kudziko lina la nkhalango zowirira, kumene anthu sanamvepo za Nkhwiri. Kumeneko anamanga ng'anjo makumi awiri. Utsi wake ndi umenewo, unali kubwera ndi mphepo.

Nachanza anaika khasu pansi. Analowa m'nyumba n'kuyamba kumanga kamtolo.

Kaphwiti anati, "Mayi a Siyeni, kumeneko n'kutali. Ngakhale chinenero chawo simuchidziwa."

Nachanza anati, "Akandionetsa manda awo, tikamvana."

Anatuluka. Namalunga anamupeza pamphambano, nayenso kamtolo kali pamutu. Kaphwiti anaima pakhomo kanthawi. Kenaka anatola ndodo ndi mkono wabwino uja, anatseka chitseko, n'kuwatsatira.

Wamva, mphwanga. Wolemera ndi moto sadzauzimitsa yekha, ngakhale umulirire misozi yotani, ngakhale achite misonkhano ingati. Ouzimitsa ndi amene amauuzira mphepo, ndipo amatha kutero pokhapokha akasiya kuopa anzawo a kuseri kwa phiri. Utsi sudziwa malire a dziko, choncho amene ukuwapweteka asamadalire malirewo.

Nthano yanga yathera pomwepo, atatu aja akadali panjira.