Nyemba za Apongozi

Panali munthu wina, Yotamu dzina lake, amene ntchito yake inali yokhoma madenga a malata. Anali mmisiri wa dzanja labwino. Denga limene iye wakhoma silinkadontha, ndipo mphepo ikabwera inkasasula la oyandikana nawo, lake n'kulisiya lili chilili. Koma munthuyu anali ndi mlendo m'mimba mwake, mlendo wosadziwa kutsanzika.

Matendawo anamuyamba ali mnyamata. M'mimba munkapotokola, munkafufuma, kenako n'kutsegula masiku atatu. Pena munkamanga sabata yathunthu. Tsono taganizani nokha: munthu ali pamwamba pa denga, misomali ili kukamwa, hamala ili m'manja, m'mimba n'kunena kuti tiyeni. Tsiku limenelo makwerero amatalika. Yotamu anamwa mizu, anamwa mapiritsi, mpaka dokotala wina atamuyeza anamuuza zoona zokhazokha.

"Bambo, matenda anuwa ndi a m'matumbo, ndipo ndi okhalitsa. Koma amamvera zimene mukudya. Siyani chakudya chimodzi kwa milungu iwiri, muone. Kenako chibwezereni, muonenso. M'mimba mwanu mudzakuuzani mokha."

Yotamu anachita zomwezo modekha, monga ankachitira poyeza mitengo ya denga asanaicheke. Panapita chaka chathunthu. Mkaka anaupeza wolakwa. Kabichi naye, tsabola, ndi zokazinga zosambira m'mafuta. Koma mfumu ya adani ake onse inali nyemba. Akadya nyemba masana, mawa lake ntchito inkagona. Anapezanso abwenzi: maungu, mbatata yophika, mpunga, nthochi zakupsa, nsomba yowiritsa ndi mchere pang'ono. Mnzake wina wa matenda omwewo ankadya nyemba bwinobwino koma nthochi zinkamugwetsa, motero Yotamu anadziwa kuti mimba ya mnzako si muyeso wa mimba yako.

Sanadandaule. Anthu akamamuseka kuti amadya ngati khanda, iye ankaseka nawo n'kukwera padenga. Thupi linabwerera, masaya anadzaza. Zaka zitatu zinatha ali pa mtendere ndi m'mimba mwake, ndipo anali munthu wokondwa.

Kenako anakwatira. Mkazi wake anali Nankhoma, ndipo monga mwa mwambo wa kumeneko, Yotamu anapita kukakhala kumudzi kwa mkaziyo ngati mkamwini. Nyumba yake anaimanga moyang'anizana ndi ya apongozi ake, mayi wamasiye, wakhama pa khasu, amene mudzi wonse unkamudziwa chifukwa cha nyemba zake zamawangamawanga. Nyembazo zinali chuma chake ndi ulemu wake. Mlendo amene waphikiridwa nyemba pakhomo pamenepo ankadziwa kuti walandiridwa ndi manja awiri.

Inu mukudziwa mmene mkamwini ndi apongozi ake aakazi amakhalira. Sayang'anana m'maso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire ngakhale kuli chitedze. Mawu awo amadzera mwa mwana wamkazi, ndipo chikondi chawo chimayenda m'mbale.

Tsiku lachiwiri Yotamu atangofika, Nankhoma anabwera ndi mbale yovundikira yochokera kwa mayi ake. Yotamu anavundukula. Zinali nyemba, zofewa bwino, zonunkhira anyezi. Atakweza maso anaona apongozi ali pakhonde pawo kutsidya kwa bwalo, akusenda chinangwa, nkhope atalozetsa kumbali, koma diso limodzi lili pa mbale ija. Yotamu anasamba m'manja. Anadya zonse, n'kupukuta mbale ndi mbamu yomaliza.

Mawa lake sanakwere padenga. Nankhoma, amene ankadziwa za matendawo kuyambira ali pa chibwenzi, anamuchonderera.

"Ndiloleni ndikawauze amayi. Si nkhani yovuta iyi."

"Iai," anatero Yotamu. "Mkamwini wa dzulodzuloli ayambe kusankha ndiwo? Anthu adzati mwana wa eni watenga mwamuna wonyada. Komanso nkhani za kuchimbudzi n'zokauza apongozi? Usayerekeze."

Mbale inabwerera yopanda kanthu. Apongozi ataiona anasangalala kwambiri. Mumtima mwawo anati, mwamuna wa mwana wangayu amakonda nyemba zanga. Ndiye mbale imene inkabwera kamodzi pa sabata inayamba kubwera kawiri, kenako katatu. Yotamu akamaliza mbale pofuna kulemekeza apongozi, apongozi ankawonjezera chipande pofuna kulemekeza mkamwini. Aliyense ankaganiza kuti akuchitira mnzake zabwino, ndipo aliyense ankagona wokhutira ndi ulemu wake.

Koma mimba ilibe apongozi. Mlendo uja amene anagona zaka zitatu anadzuka ndi mkwiyo. Yotamu anayamba kuwonda. Lamba anamuboola bowo lina. Kanjira ka kuchimbudzi kuseri kwa nyumba yake kanasalala ngati ka kumjigo. Mwezi wa Okutobala, pamene aliyense amafuna denga mvula isanagwe, iye ankakwera ndi kutsika makwerero kasanu dzuwa lisanafike pamutu, ndipo eni nyumba anayamba kunong'onezana kuti mmisiriyu wayamba ulesi chikwatirireni. Zinkamupweteka mumtima. Ankadziwa mankhwala ake, ankadziwa mdani wake ndi dzina lomwe, koma ankamulandira ndi manja awiri katatu pa sabata, n'kuthokoza.

Tsiku lina m'mawa anali pa denga la nyumba yoyandikana ndi ya apongozi ake. Munthu wa padenga amaona zambiri zimene wa pansi saona. Ataweramira kuti atole msomali, maso ake anagwera kuseri kwa mpanda wa apongozi. Mayi uja anali atatulutsa mtsuko waukulu womata kukamwa ndi dothi. Anaugogoda ndi mwala, dothi linasweka. Anakhuthulira nyemba m'lichero n'kuyamba kupeta, ndipo phulusa loyera linauluka ndi mphepo.

Yotamu anaima, hamala ili m'manja. Anali mwana wa mlimi. Ankadziwa kuti nyemba zosungidwa m'phulusa, mumtsuko womata, si za ndiwo. Phulusalo ndi loteteza anankafumbwe, ndipo nyembazo ndi mbewu. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana kum'mawa. Apongozi ake anali kutsuka munda wawo wa chaka chamawa kuti auike pamoto.

Pamenepo manyazi ena aakulu anameza manyazi aang'ono aja. Yotamu anatsika, ndipo ulendo uno sichinali m'mimba chimene chinamutsitsa. Anaitana mkazi wake kuti akhale pakati. Anapita mpaka pa chipata cha mpanda, ananjuta pansi chapatali, nkhope atalozetsa kumbali monga mwa ulemu, n'kuwomba m'manja.

"Odi, amayi. Pepani, ndalumpha mwambo. Nyembazo musatsuke."

Lichero linaima.

"Ine ndili ndi matenda a m'matumbo, amayi, a zaka zambiri. Nyemba zimandidwalitsa. Kuwonda mukukuonaku si ntchito, ndi nyemba. Zanu n'zokoma kuposa zonse zimene ndinalawapo, koma thupi langa limazikana. Ndinkaopa kukukhumudwitsani. Ndinalakwa."

Nkhuku inabwera n'kujompha nyemba imodzi imene inagwa pansi, ndipo palibe anaithamangitsa. Yotamu anadikira mawu owawa. Mmalo mwake anamva kaphokoso kachilendo, ndipo atasuzumira ndi ngodya ya diso anaona mapewa a apongozi akugwedezeka. Mayi uja anali kuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Kalanga ine! Nankhoma, iwe unkadziwa? Ndiye miyezi yonseyi ine ndakhala ndikuthyola nkhuni zowiritsira matenda a mwana wa eni?" Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Bambo, ine nyemba ndinasiya kudya mwezi wa Ogasiti. Ndimadyera chisoso kuti inu musasowe. Za ndiwo zinatha Lachiwiri. Ndinaona mbale ikubwera yonyambita, ndiye ndinati ndikasiya, adzati chikondi chatha pakhomo pano. Usiku tulo sindimagona poganiza kuti ndidzadzala chiyani."

Nankhoma anayang'ana mayi ake, anayang'ana mwamuna wake, n'kupukusa mutu. "Anthu awiri akuluakulu," anatero, "wina kuwonda ndi nyemba, wina kuwonda ndi chisoso, bwalo lake limodzi lomweli."

"Tsono mumadya chiyani?" anafunsa apongozi, akulankhula moyang'ana mtsuko. "Nenani zonse, musabise. Ine sindiphika mwa maula."

Yotamu anatchula maungu, mbatata, mpunga, nsomba yowiritsa. Anatchulanso adani ake, mmodzimmodzi. Mayi uja ankabwereza mawu aliwonse chapansipansi kuti asaiwale. Atatha, anabwezera nyemba mumtsuko, anathira phulusa latsopano, ndipo Yotamu anakanda dothi n'kumata kukamwa kwake ndi manja ake a ummisiri.

Mawa lake masana mbale yovundikira inabweranso. Yotamu anavundukula. Munali dzungu lophika, lofiira bwino, limodzi mwa awiri amene apongozi anasunga pa tsindwi chikololereni. Anadya mosafulumira, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni m'mudzimo anamva kukoma kwa chakudya popanda mantha a mawa. Mbale inabwerera yopanda kanthu monga kale, koma tsopano inkanena zoona.

Mvula itagwa, apongozi anadzala nyemba zawo zonse, ndipo m'mphepete mwa munda anaponya nthanga za maungu zambiri kuposa chaka china chilichonse. Matenda a Yotamu sanachoke. Ankamukumbutsa apo ndi apo kuti alipo, makamaka akatopa kapena akadya kwa eni. Koma lamba anabwerera pa bowo lake lakale, madenga anayambanso kutha pa nthawi yake, ndipo panjira iye ndi apongozi ake ankapatukiranabe kutchire, aliyense akumwetulira yekha.

Inu amene mukundimva, akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Thupi lanu likakuphunzitsani chimene limakana, musalichititse manyazi, ndipo musayembekezere kuti wokukondani alota. Iye akuwerenga mbale yanu, ndipo mbale yonyambita imamuuza kuti awonjezere. Ulemu umene umakudwalitsani sumathera pa inu nokha. Nenani lero, mwaulemu, mawu ochepa. Mwina kuseri kwa mpanda wina wanyamula kale mwala, akufuna kuswa mtsuko wake wa mbewu chifukwa cha inu.