Mkamwini Amene Anawononga Ulemu wa Agalu

Ana inu, ndikanama pano mphenzi indiwombe dzuwa likuswa mtengo! Nkhani iyi ndi yoona kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Kalekale agalu anali aulemu kuposa anthu. Galu akalandira chakudya ankayamba wasamba m'manja, onse anayi, ndipo munthu akadutsa ankaimitsa kudya n'kunena kuti, "Wawa, tiyeni tidye." Munthunso ankadziwa yankho lake: "Zikomo, pitirizani." Basi, aliyense n'kupita ndi ulemu wake.

Ndiye pamudzi wina panali kagalu dzina lake Tigawane, ka mayi wina wotchedwa NaNkhoma. Amuna a mayiyu, a Kamtedza, anali mkamwini watsopano. Nkhuku ikaphedwa pakhomopo iwo ankalandira khosi ndi mapazi. Kupempha zina apongozi akumva? Bola kufa.

Tsiku lina a Kamtedza akuchokera kumunda kwa apongozi, m'mimba mukuchita kulira, anapeza Tigawane kuseri kwa nkhokwe akuyamba kumene fupa la timinofu.

"Wawa, tiyeni tidye," anatero Tigawane.

A Kamtedza anayang'ana uku, anayang'ana uko. Kulibe munthu.

"Poti mwachita kukakamiza, achimwene, kukana n'chipongwe."

Anakhala pansi, n'kuliwengula fupa lija mpaka kuwala. Tigawane anangoti kukamwa yasa. Amake anamuphunzitsa kuitana, koma zoti munthu akavomera umatani, sanamuuze.

Mawa lake unapita mkute. Mkuja, chibenthu cha dzungu. Ngakhale kachikopa ka ng'ombe kamene Tigawane ankatafuna mano akamayabwa, a Kamtedza anakawamba pamoto n'kuthira tsabola. Mwezi usanathe, nthiti za Tigawane unkatha kuziwerenga uli tsidya lina la dambo.

NaNkhoma anafunsa, "Kodi abambo, kagalu kanga kakuonderanji, pamene inu mukunenepa ndi khosi la nkhuku lokha?"

"Ndikukaphunzitsa kugawana, mayi. Galu woumira amachititsa manyazi pakhomo."

"Sukulu yabwinotu iyi. Wophunzira kuonda, aphunzitsi kumasula lamba."

Kenako pamudzi panachitika chinkhoswe, mbuzi inagwa. NaNkhoma anaponyera Tigawane fupa la mwendo, lodzaza mafuta m'kati. Tigawane analikokera kuseri kwa nkhokwe, akudziwa kuti ili likapitanso, mawa sadzuka. Asanalinyambite n'komwe, anamva mapazi aja. Kenako kakhosomo kaja ka munthu wofuna kuonedwa.

Apa panavuta. Kukhala chete ndiye mwano, agalu onse anyozeka chifukwa cha iye. Kutsegula pakamwa ndiye fupa lapita. Tigawane anagona chafufumimba, n'kulipana fupa ndi manja awiri, n'kuliluma zolimba. Ndiye anaitana mlendo wake mwaulemu wonse, koma mano osalekana.

Ana inu, mawu aja anayamba azungulira m'mimba yopanda kanthu ngati m'mgolo, anadutsa pakhosi, anagunda fupa, n'kutuluka chonchi: "Ngrrrrrr!" Pofuna kukonza zinthu, Tigawane anayesa kumwetulira. Mano onse mbee!

A Kamtedza sanakwere nkhokwe, anachita kuuluka. Anakhala padenga masiku atatu akukuwa, "Galu wapenga! Galu wapenga!" apongozi akudutsa m'munsi tsiku ndi tsiku akuyang'ana kumbali, poti mkamwini sayang'anitsitsidwa.

NaNkhoma anabwera ndi kachiwindi ka mbuzi ija. Anaima patali pang'ono, n'kukaponya pafupi ndi Tigawane, osafulumira. Tigawane anayang'ana chiwindi, anayang'ana fupa, n'kulavula fupa yekha. Mayi aja analitola, analitembenuza, ndipo Tigawane atameza chiwindi anamubwezera fupa lake lija lili lonse.

"Wapenga pati?" anatero NaNkhoma akuyang'ana kudenga. "Inuyo mwezi wonsewu munabwerapo ndi chiyani m'manja?"

"Anandiitana yekha!"

"Ndiye tsikanitu, akukuitanabe."

Sanatsike.

Mbiri inawanda kwa agalu a midzi yonse kuti kwapezeka njira yoitanira mlendo fupa osachoka pakamwa, ndipo tiana tawo tinayamba kubadwa titaidziwa kale. Ndi chifukwa chake lero ukayandikira kagalu kali ndi fupa, kamaligonera, kamalira chapakhosi, mano kunja. Sikakukutukwana ayi. Kakukuitana, kungoti kakuyesa ndiwe mbale wa a Kamtedza. Ukakalanda kuti ukaphunzitse kugawana, mawa kadzakuitana mokweza kuposa lero. Koma ukabwera ndi kachiwindi, n'kukabwezera fupa lake, kadzakudziwa kuti ndiwe wa kuchikazi.

Za masiku atatu padenga zija ndangothirako mchere. Anatsika tsiku lachiwiri, mvula itayamba.